Mayi wa Chikolopa Amene Anaona Madzi M'paipi

Inu amene mukufuna mawu okulimbitsani mtima, khalani pansi ndikuuzeni za mkazi amene ndinamuchitira nsanje kwa zaka khumi ndi zitatu. Inde, nsanje, sindikubisa. Anthu akamasimba za munthu amene anadzuka kuchokera pafumbi, amasimba ngati iwowo ankamuwombera m'manja kuyambira tsiku loyamba. Ine sindinawombe. Ndinali m'gulu la omuseka, ndipo woseka mokweza ndinali ine.

Tsiku limene nkhaniyi ikuyambira, mayiyu anali atakhala pansi m'khonde la wodi yathu, miyendo ili tambalale, atafumbata kachipewa ka ulusi kosakwana n'komwe chibakera changa. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Mayeso omaliza a sekondale anali atalephera kawiri. Mwamuna anamuthawa mimba ili ndi miyezi inayi. Ndipo m'mawa umenewo khanda lake, limene linabadwa pa miyezi isanu ndi iwiri, linali litamwalira pa tsiku lake lachisanu ndi chinayi.

Ine ndine namwino, ndipo wodi yathu ndi ya makanda odwala kwambiri. Ambiri amabadwa masiku asanakwane, mapapo asanakhwime, moti amapumira makina. Timalowetsa kapaipi kakang'ono pakamwa pa mwana mpaka kukholingo, n'kukalumikiza ku paipi yaitali yochokera ku makinawo. Makina amenewa amapulumutsa ana, koma ali ndi vuto lake. Kapaipi kaja kamasiya njira yotseguka, ndipo majeremusi akalowa amaswana m'njira ya mpweya mpaka kukafika m'mapapo. Makhololo amasanduka achikasu, thupi limatentha, ndipo mwana wolemera ngati paketi ya shuga alibe mphamvu zolimbana nawo.

Mwana wa mayi uja anapita choncho. Masiku ambiri womusamalira ndinali ine, ndipo ndine amene ndinatuluka kukamuuza mayi wake kuti tayesetsa.

Patapita miyezi itatu tinangoona mayi uja walowanso, ndowa kudzanja ili, chikolopa kudzanja ilo. Anali atapempha ntchito yokolopa, ndipo anachita kusankha wodi yomweyo imene anaferamo mwana wake. Tonse tinati mutu sukugwira. Tinamupatsa dzina loti Nakolopa, ndipo amene analiyambitsa, mwadziwa kale, ndine.

Nanenso ndinali ndi dzina. Ankanditcha Sisita Nambalawani, chifukwa kusukulu ya unamwino sindinatsikepo pa nambala wani, ndipo nkhaniyo sindinkachedwa kuiuza aliyense wofika kumene. Mtsempha wa khanda wosaoneka ndi maso, ine ndinkaubaya kamodzi. Madokotala achinyamata akagwira njakata ankaitana ine. Ndinkayenda m'wodi muja ngati ndinamanga ndekha.

Nakolopa ankakolopa mochedwa, zinkatipsetsa mtima. Akafika pa bedi la mwana ankaima, kuyang'ana, kenako mafunso. Bwanji mpweya wa m'makina umakhala wofunda? Bwanji mwana uyu mwamupopa makhololo kawiri, uyo kamodzi? Ndinkamuyankha ndi mawu awiri, nthawi zina ndi phewa lokha.

Koma pali chinthu chimene ife ophunzira sitinkachiganizira. Namwino amayang'ana mwana kuchokera pamwamba, maso ali pa nkhope ya mwana ndi pa manambala a makina. Wokolopa amakhala chowerama tsiku lonse, amaona kunsi kwa bedi.

Makina aja amafunditsa mpweya n'kuuthira chinyezi kuti usaumitse kukhosi kwa mwana. Nthunziyo ikazizira m'paipi imasanduka madzi, ndipo madziwo amadikha pamene paipi yalendewera kunsi kwa bedi. Madzi ofunda, odikha maola ndi maola, majeremusi amawakonda zedi. Ndiye pakatha maola angapo aliwonse mwana timamutembenuza kuti asagonere mbali imodzi. Ife tinali ndi chizolowezi chathu: dzanja limodzi kukweza paipi m'mwamba kuti isakoke kapaipi ka pakamwa, dzanja linalo kutembenuza mwana. Tinkaona ngati ndi luso. Madzi aja tinkakhuthula ndithu, koma tikakumbukira, ndipo kawirikawiri titamutembenuza kale mwanayo.

Atakolopa zaka ziwiri, tsiku lina masana Nakolopa anandiimirira pafupi ndi sinki, anzanga atatu ali pomwepo.

“A Sisita, pepani ndifunseko,” anatero. “Madzi aja a m'paipi, mukakweza paipi m'mwamba, amapita kuti?”

Yankho ndinaliona nthawi yomweyo. Madzi sakwera phiri. Amatsetserekera kumene kwatsika, ndipo kumene kwatsika kunali kukamwa kwa mwana. M'mabuku mwathu zinalimo, pa tsamba lina lake limene ndinaloweza n'kukhoza nalo mayeso.

Koma anzanga anali akundiyang'ana.

“Iwe, ntchito yako ndi pansi,” ndinatero. “Mapapo tisiyire ife.”

Anzanga anaseka. Nakolopa anangoti, “Zikomo, a Sisita,” n'kunyamula ndowa yake.

Tsopano mvetserani chimene nsanje imachita. Kuyambira mawa lake ndinayamba kukhuthula madziwo ndisanatembenuze mwana, koma mobisa, ndikaona kuti palibe akundiyang'ana. Sindinauze mnzanga ndi mmodzi yemwe. Kuwauza kukanakhala kuvomera kuti wokolopa waphunzitsa Nambalawani ntchito. Anzanga anapitiriza kukweza mapaipi monga kale, ine ndikuona, pakamwa ndili chete. Zinakhala choncho miyezi iwiri, ndipo m'miyezi imeneyo ana atatu anagwidwa ndi majeremusi m'mapapo, ndipo mmodzi sanachire. Zimenezi ndimagona nazo mpaka lero.

Nakolopa sanagwe mphwayi. Anauza namwino wina, anamuseka. Anauza wachitatu, anamuopseza kuti akamunenera kwa akuluakulu. Kenako analimba mtima n'kuimitsa dokotala wamkulu wa wodi, bambo wosalankhulalankhula amene tinkamutcha a Chete.

A Chete anangopinda thalauza, n'kugwada pa simenti yonyowa, n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Anakhala chogwada mpaka namwino wina anabwera kudzatembenuza mwana, ndipo anaona ndi maso awo madzi akuthamanga m'paipi.

Mawa lake anatisonkhanitsa tonse. Lamulo linali lalifupi: samba m'manja, khuthula madzi uwachotse kutali ndi mwana, kenako utembenuze, ndipo paipi isakwere kuposa pakamwa pake. Atamaliza analoza kukhomo kumene Nakolopa anaima ndi chikolopa chake.

“Atiphunzitsa ndi mayi awa,” anatero.

Mayi awa. Abale inu, mawu awiri amenewo anandibaya. Ine zaka zonse zija a Chete sanandiyamikirepo pagulu. Ndinawomba nawo m'manja, koma zikhatho zanga sizinkagundana.

Miyezi inadutsa, ndipo ana odwala m'mapapo anachepa moonekeratu. Sikuti anatheratu, majeremusi ali ndi njira zambiri, koma pamene tinkakhala ndi asanu tinayamba kukhala ndi mmodzi kapena awiri. Anamwino achitsikana anayamba kulitcha lamulo la Nakolopa, ndipo dzina limene ndinapeka kuti limuchepetse linayamba kutchulidwa ndi ulemu. Mwana akachira ndinkasangalala, sindine mfiti. Koma pansi pa chisangalalocho pankakhala kanthu kowawa, koti bwenzi likutchedwa lamulo la Nambalawani ndikanangotsegula pakamwa.

A Chete anamufunsa chimene chinkamuletsa kubwerera kusukulu. Anayankha kuti mutu wake ndi wouma. Iwo anati mutu wouma sufunsa kumene madzi amapita. Basi, Nakolopa anayamba kuwerenga. Nthawi ya nkhomaliro ankadzitsekera m'kachipinda kosungiramo zokolopera, kukhala pa ndowa yovundikira, buku pa maondo, fungo la mankhwala otsukira lili guu.

Analemba mayeso kachitatu, masamu anamugwetsa. Tsiku limene ndinamva, ndinali wansangala moti anzanga anandifunsa ngati ndalandira uthenga wabwino. Ndinapita mpaka kukamupepesa, nkhope nditaikwinya bwinobwino. “Sukulu si ya aliyense, mwana wanga,” ndinatero. Iye anati, “Zoona, a Sisita. Ndiyesanso chaka chamawa.”

Analemba kachinayi, anakhoza.

Kusukulu ya unamwino anali wamkulu kuposa onse m'kalasi, anzake ankamutcha azakhali. Ine ndinkauza anthu kuti sakamaliza, kuwerenga za mitsempha si kufinya chikolopa. Patatha zaka zitatu analowa m'wodi mwathu atavala zoyera, nsapato zoyera, kawotchi kali lende pachifuwa. Anthu anamukumbatira. Ine ndinapeza chochita ku kabati ya mankhwala, ndinawerenga mabotolo omwe ndinali nditawerenga kale.

Mtsempha sankaubaya kamodzi ngati ine, zimenezo ndiyenera kunena. Ankabaya kawiri, nthawi zina katatu, ndipo ndinkaonetsetsa kuti aliyense wadziwa. Koma ana ake sankadwala m'mapapo kawirikawiri. Asanakhudze mwana ankawerama kaye kusuzumira kunsi kwa bedi, ngati akufuna ndalama yogwa. Makhololo akapopa ankawayang'anitsitsa pa kuwala kwa zenera, ife tikunyansidwa.

Patapita zaka zina zisanu anamusankha kukhala woyang'anira zopewa majeremusi m'wodi yonse. Udindo umenewo ndinaupempha inenso. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu pa ntchito, iye zisanu. Kalata itatuluka ndinadwala mutu masiku atatu.

Ndiye ankaima pa sinki m'mawa kuona mmene tikusambira m'manja. Ine ndinkasamba mwamwano, kuthira sopo wambiri, kumuyang'ana m'maso.

“Zakwana, bwana?”

“Pakati pa zala, a Sisita,” ankatero mofatsa.

Ulemu wakewo ndi umene unkandipha. Akanandibwezera mwano ndikanapeza pomugwira. Koma ayi, zaka zonsezo a Sisita, a Sisita, moti ndinkabwerera kunyumba nditakwiyira munthu amene sanandilakwire.

Kenako inafika nthawi yanga.

Ndili ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Mimba zake ziwiri zinapita padera, ndipo madokotala anamuuza kuti yachitatuyi mwina ndi yomaliza. Inafika miyezi isanu ndi iwiri, matenda anayamba. Anabadwa mwana wamwamuna wosatha kupuma yekha, ndipo anamugoneka m'wodi mwathu, pa bedi la pazenera, kapaipi kali pakamwa. Bedi limenelo ndinkalidziwa. Ndi pomwe panagona mwana wa Nakolopa.

Lamulo silimalola namwino kusamalira wachibale wake. Ndinavula zoyera, n'kumalowa ngati agogo wamba, pa nthawi ya alendo. Ndipo ndinamva kuti Nakolopa wasiya ofesi yake, wati mwana ameneyu amusamalira yekha.

Mantha anandigwira. Munthu woipa mtima amaganiza kuti onse ali ngati iye. Ndinathamangira kwa a Chete, tsitsi lawo litayera tsopano, kukapempha kuti apereke mdzukulu wanga kwa namwino wina.

“Mukufuna amene mumamukonda,” anafunsa, “kapena amene amadziwa?”

Ndinatembenuka n'kutuluka.

Tsiku lachisanu masana ndinapeza mdzukulu wanga akuvutika. Tsaya linali litapsinjika, timiyendo akuponya, makina akulira. Mayi wake anali pa mpando, akundiyang'ana ndi maso oti amayi chitanipo kanthu. Nakolopa anali pa bedi lina, atatipatsa msana. Ndinaiwala kuti ndine mlendo. Ndinasamba m'manja mothamanga, n'kupisa dzanja limodzi pansi pa mwana, ndipo dzanja linalo linachita zimene linazolowera kalekale ndili mtsikana. Linakweza paipi m'mwamba.

Dzanja lina linandigwira pamkono. Silinandikoke, linangondiimitsa.

“Madzi, agogo.”

Ndinayang'ana. Madzi anali atanyamuka kale m'paipi, ndipo anaima patatsala kutalika kwa chala chimodzi kuti afike pa kapaipi ka pakamwa. Nakolopa anatsitsa mkono wanga pang'onopang'ono, madziwo anabwerera kunsi. Anawakhuthulira m'kambale, okwana masipuni atatu, otuwa. Anasambanso m'manja, n'kumutembenuza mwanayo, makina anasiya kulira.

Ine Nambalawani, amene ndinalidziwa lamulolo aliyense asanalimve, ndinatsala pang'ono kumwetsa mdzukulu wanga madzi amenewo ndi dzanja langa. Mwana wanga anafunsa chimene chachitika, ndipo Nakolopa anati, “Agogo amandithandiza kutembenuza mwana.” Sanauze munthu wina aliyense.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri m'mawa anapopa makhololo, n'kuwayang'ana pazenera monga mwa chizolowezi chake chija chimene ndinkachiseka. Ine ndinaona ngati ali bwinobwino. Iye anati ayamba kusintha mtundu. Thupi linali lisanatenthe, manambala onse anali abwino, koma anaitana a Chete, anatumiza makhololowo ku labu, ndipo mankhwala anayamba tsiku lomwelo.

“Ndi madzi aja?” ndinamufunsa.

“Sanafike,” anatero. “Ndinaona ndi maso anga. Majeremusi awa alowera kwina, koma tawapeza msanga.”

Mawa lake thupi linatentha. A ku labu anapeza mtundu wa majeremusiwo, mankhwala anasinthidwa. Tsiku lachisanu ndi chinayi, tsiku lomwe mwana wa Nakolopa anapitira, mdzukulu wanga anali wotuwa, osaponyanso timiyendo. Mwana wanga anandigwira dzanja. “Amayi, inu mumadziwa. Achira?” Ine amene ndinauza amayi mazanamazana kuti tayesetsa, ndinangomufinya dzanja. Nakolopa sanachoke pa bedi lija tsiku lonse, nkhomaliro yake inazizirira m'chikwama.

Tsiku lakhumi kutentha kunatsika. Tsiku lakhumi ndi chitatu a Chete anachotsa kapaipi kaja. Tinadikira, tonse osapuma. Kenako kanamveka kakulira kosasa mawu, ngati ka mwana wa mphaka, ndipo mwana wanga anagwada pansi n'kukumbatira miyendo ya Nakolopa, osati yanga. Ngakhale pamenepo, Mulungu andikhululukire, kansanje kanandilasa.

Masana amenewo ndinamupeza m'kachipinda ka zokolopera, atakhala pa ndowa yovundikira, akudya. Ofesi anali nayo, koma ankati amapuma bwino mmenemo. Ndinatseka chitseko.

“Mayi,” ndinatero, ndipo kanali koyamba kumutchula choncho, “mwana wanu uja, amene ankamutembenuza ndinali ine.”

“Ndikudziwa,” anatero. “Ndinkakhala pa mpando ndikuona. Ndinadzazindikira nditayamba kukolopa.”

“Ndipo tsiku lija munandifunsa pa sinki, ndinadziwa kuti mukunena zoona. Ndinabisa.”

“Ndinkakuonani mukukhuthula mobisa. Wokolopa amaona zambiri, a Sisita.”

Manyazi anandigwira moti ndinakhala pansi, pa simenti. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandinenere kwa akuluakulu, chifukwa chake anasiya ofesi kudzasamalira mdzukulu wa munthu ngati ine.

Anatseka kontena yake ya chakudya. “Mwina wanga anamupha ndi madzi aja, mwina ayi, palibe angadziwe. Ndinakwiya nanu chaka chathunthu, musaganize kuti ndine mngelo. Koma ndikanakunenerani, akanadzuka?” Anapisa m'thumba la yunifolomu n'kutulutsa kachipewa ka ulusi kaja, katatuwa ndi kuchapa. “Wanga ndinakhala naye masiku asanu ndi anayi okha, ndipo sindinamuchitire kalikonse. Ndiye ndikawerama pa bedi lililonse kukhuthula madzi aja, ndimakhala ndikusamalira iyeyo.”

Ndinalira m'kachipinda ka ndowa kaja ngati mwana, ndipo amene anandipatsa kansalu kopukutira ndi iye.

Sabata yotsatira ndinaima pamaso pa anamwino onse n'kunena zimene ndinabisa zaka khumi ndi chimodzi, ndi za mwana amene sanachire m'miyezi iwiri ija. Palibe anawomba m'manja, ndipo sindinayembekezere. Masiku ano ndinapuma pa ntchito, koma anamwino atsopano akafika amandiitana kuti ndikawaphunzitse kubaya mtsempha. Ndisanayambe ndimawagwaditsa onse pansi kuti aone kunsi kwa bedi, ndipo ndimawauza amene anationetsa.

Kodi nsanje inatha? Sindikunamizani, kakang'ono kalipobe. Mdzukulu wanga ali ndi zaka zinayi tsopano, mapapo ake ndi amphamvu moti akalira oyandikana nafe amatseka mazenera. Tikapita kukamuona Nakolopa, amasiya dzanja langa pakhomo n'kuthamangira kwa iye akukuwa kuti agogo. Ine ndimaima poteropo, mtima ukuwawa pang'ono, n'kumathokoza Mulungu kuti mwanayo ali ndi mpweya wothamangira.

Ndiye inu amene lero mwagwira chikolopa, inu amene mayeso akugwetsani kawiri kapena katatu, inu amene munafunsa funso labwino anthu n'kukusekani, musasiye kufunsa. Pansi pamene mwaweramapo pali zimene oimirira sakuziona. Woyamba akakunyozani pitani kwa wachiwiri, wachiwiri akakuopsezani pitani kwa wachitatu, ndipo chaka chamawa kalembeninso mayeso aja. Mtima wanuwo musautaye, pali mwana wina amene adzapume chifukwa cha inu.

Ndipo inu anzanga a nsanje, ndikudziwa kuti mukuwerenga nawo, wina wapansi panu akakuuzani zoona, tsegulani pakamwa tsiku lomwelo. Ine ndinachedwa, ndipo pali mayi wina amene anabwerera kwawo manja ali lende chifukwa cha kuchedwa kwangako.